Kakhungu ka Elube

Zaka zimene boma linkatuta katundu wake ku Zomba kubwera naye kuno ku Lilongwe, chilichonse chinali chatsopano. Misewu yatsopano, nyumba zonunkha penti, timitengo ta m'mbali mwa msewu tolekeza m'mawondo. Ngakhale mabwana ena anali atsopano, ongopatsidwa tayi dzana, khosi lisanazolowere. Mu Eriya 43 monse chokalamba chinali chimodzi chokha, ndipo chinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Dzina lake Elube, mwana wa Efelo.

Mwanayu anabadwa bwinobwino, wonenepa ngati dzungu la pachulu. Atangoyamba kuyenda, tsitsi linayamba kuthothoka, nsidze nazo n'kutsatira. Khungu linachita makwinya, mitsempha ya m'mutu n'kumaonekera ngati mizu, mphuno n'kusongoka, mawondo n'kuuma. Msinkhu unaima pa mwana wa zaka zitatu, koma nkhope inkathamanga yokha kunka ku ukalamba. Bambo ake, a Chikaonda, anamuyang'anitsitsa tsiku lina n'kunena kuti, "Kwathu zoterezi kulibe." Anapinda bulangete lawo n'kupita kukasakaniza simenti ku Kapitolo, kumene ankamanga maofesi a boma, ndipo kumeneko anapezako wina wowaphikira. Amuna inu, kaya dothi lanu Mulungu anakakumba kuti.

Mudzi wa Efelo unali umodzi mwa ija inasamutsidwa kuti mzinda upeze pokhala. Kumalo atsopanowo munda unali wa miyala, choncho anabwerera kudzafuna ntchito, kumsana atabereka nkhalamba yake. Anaipeza kwa a Greenwell, dokotala wa kumpoto amene anabwera ndi msamuko wa ku Zomba, ndi akazi awo mayi Ada, aphunzitsi. Anamupatsa kanyumba ka antchito kuseri, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala.

Musaganize kuti Elube anali mwana wokhalira kulira. Ameneyo? Nkhope yakeyo ankaidyerera. Loweruka lililonse ankapita ndi amake kumsika ku tauni yakale atavala duku, ndipo m'basi anthu ankadzuka okha. "Khalani apa, agogo." Iye n'kukhala mwaulemu, n'kuwomba m'manja, n'kunena ndi kamawu kake konga ka mwanapiye kuti, "Zikomo mwana wanga, udzakwatire bwino." Efelo ankachita kubisa nkhope m'chitenje.

Ku Eriya 2, pakhonde la sitolo ya mmwenye, pankakhala telala wina, a Abdallah, bambo wa imvi amene anakhalitsa ku Halale n'kubwerako ndi makina osokera komanso Chingerezi. Iwowa ndiwo ankasoka madiresi a Elube, poti a m'sitolo sankamukhala. Akangomuona ankaimitsa makina.

"Akazi anga aakulu afika! Mwandisungira chiyani lero?"

"Ndikusungireni chiyani, mwana wa dzulo inu? Pamene munkabadwa ine n'kuti ndili ndi zidzukulu."

"Nanga ukwati wathu uja?"

"Mukayambe mwamera mano onse."

A Abdallah, amene kutsogolo kunali gweru, ankaseka mpaka tepi yoyezera kugwa m'khosi.

Tsiku lina Efelo akusita, Elube atakhala pamphasa, anati, "Amayi, anzanga akamakula adzakalamba. Ine ndayambira kukalamba. Ndiye kuti ndikadzakula ndidzakhala mwana. Mudzandibereke bwino." Efelo anaseka. Kenako anatuluka kukaanula zovala zomwe zinali zisanaume n'komwe.

A Greenwell anali munthu wofatsa, wokonda mabuku kuposa ndiwo. Mwanayu ankamuyeza kawirikawiri, kumumvetsera mtima, n'kumagwedeza mutu. Anafufuza m'mabuku awo onenepa aja mpaka anapeza chithunzi cha mwana wa chizungu wofanana ndi Elube ngati mapasa. Analembera mnzawo wa ku Ulaya, amene ntchito yake inali yofufuza chimene chimakalambitsa munthu. Yankho litabwera anamuitana Efelo pakhomo la khitchini.

"Mayi a Elube, khalani pansi. Si ufiti uwu, ndipo si tchimo lanu. Ndi nthenda yobadwa nayo, yosowa kwambiri. Thupi la munthu lili ngati nyumba zikumangidwazi, n'la tinjerwa. Koma tinjerwa take n'tamoyo, tosaoneka ndi maso, ndipo timaswana tokha. Ukadula kakhungu n'kukaika m'botolo muli chakudya chake, sikafa. Kamakula. Mnzanga uja akufuna aone ngati tinjerwa ta Elube timakalamba msanga ngakhale tili patokha."

"Akaona apeza mankhwala, bwana?"

"Sindingalonjeze. Mwina adzathandiza ana ena m'tsogolo."

Munthu amene ali ndi mwana wodwala, mukamuuza kuti mwina, iye watenga kale mwinayo n'kumumanga pansonga ya chitenje. Efelo anavomera.

Tsono apa ndi pamene adokotala anaphonya, ndi maphunziro awo onsewo. Kwawo kumpoto mwana ndi wa bambo, poti ng'ombe zinapita. Ndiye analiza galimoto mpaka ku Kapitolo, n'kukatsitsa a Chikaonda pamwamba pa nyumba, kuti avomereze. A Chikaonda, atanyada kuti afunidwa ndi munthu wa galimoto anzawo akuona, anadinda chala chasimenti papepala osafunsa n'komwe kuti mwanayo akudzuka bwanji. Za atsibweni ake a mwana, a Nasoni, mlongo wake wamkulu wa Efelo, amene ndiye mwini mbumba, a Greenwell sanaziganize. Efelo anaziganiza, koma anakhala chete. Ankadziwa kuti achimwene akewo akamva zodula khungu la mwana n'kulitumiza kutsidya kwa nyanja, adzaponya chipewa pansi.

Anadula m'mwezi wa Febuluwale, mkati mwa mkono wamanzere, kachidutswa kosaposa njere ya mpunga. Elube sanalire. Anasuzumira m'kabotolo muja muli madzi ofiirira, n'kufunsa kuti, "Adokotala, kakwera ndege?"

"Kakwera mawa."

"Onani mwano wake! Mwinikhungu sindinakwerepo. Kakafika kakawapatse moni azungu, kasakandichititse manyazi."

Mu Epulo kunabwera kalata, ija ya envulopu yokhala ndi timizere tofiira ndi tabuluu m'mbali. A Greenwell anabwera nayo kuseri akumwetulira. Kakhungu kaja kanafika bwino, kanagwira, tinjerwa tinali titayamba kuswana. Elube anavina, mmene angavinire munthu wa mawondo ouma. Sabata yonse wosamalira maluwa ndi alonda a nyumba zoyandikana sanapume naye. "Mundilemekeze, ndili pawiri ine. Wina ndili kuno, wina ndili ku Ulaya." Koma madzulo ena, adokotala akutsika m'galimoto, anawakoka buluku n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi kumeneko kamera tsitsi?"

A Greenwell anati adzafunsa.

Juni wa chaka chimenecho anazizira moipa. M'mawa wina Elube anakhala pasitepe kuothera dzuwa, akusenda mtedza. Anati, "Amayi, mkono walemera." Pamene Efelo ankapukuta m'manja kuti abwere, mbale inali itagwa kale, mtedza uli mbwee. A Greenwell anathamanga naye kuchipatala, koma dzuwa lisanafike pamutu zinali zitatha. Mtima wa nkhalamba uja unatopa m'chifuwa cha mwana.

Adokotala anachita zaumunthu, tisawanamizire. Bokosi anagula, galimoto anapereka, iwo ndi mayi Ada anaperekeza mpaka kumudzi. Koma amayi osambitsa maliro ali ndi maso. Anaona kachipsera pamkono, kozungulira bwino ngati kochita kuyeza, ndipo anadziwa kuti si ka minga. Nkhani inatuluka m'nyumba ya siwa n'kukafika kwa a Nasoni. Efelo atafunsidwa anaulula zonse.

A Nasoni anawatengera adokotala pambali, pansi pa mtengo wa mthethe.

"Bambo, tamva kuti mwana wathuyu sanabwere yense."

"N'kachidutswa kakang'ono kwambiri, bambo. Ndipo chilolezo ndinapempha."

"Kwa yani?"

"Kwa bambo ake."

"Bambo ake!" A Nasoni anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna mboni. "Tambala wobwereka uja? Amene anathawa anapiye? Inu mukabwereka tambala kwa aneba, mazira amakhala a aneba? Mbumba iyi ndi yanga ine. Ngakhale chikhadabo cha mwana uyu sichichoka pano ine osadziwa."

A Greenwell anapepesa, chipewa chili m'manja. Anati sankadziwa. A Nasoni anati n'zoona, sukulu siphunzitsa zonse. Maliro anaikidwa tsiku lomwelo, poti dzenje silidikira milandu.

Patapita masiku owerengeka linafika tsiku lometa. Abale onse anakhala pabwalo, lumo likuyenda mutu ndi mutu. Litafika pa Efelo, iye anagwira duku lake ndi manja awiri.

"Ine ayi."

"Iwe Efelo, wayamba misala?"

"Achimwene, mwana wanga sanathe kufa. Mwaika mbali imodzi. Mbali ina ili moyo, ikukula. Ndimete bwanji maliro a munthu amene akudya?"

Amayi anamunyengerera, ena anamukalipira, a mpingo anamuwerengera vesi. Iye duku gwi. Mapeto ake anamusiya, n'kumati chisoni chikaphwa adzameta pa m'meto wachiwiri, uja wa mowa, umene umaperekeza mzimu kuti ukakhale pansi pamodzi ndi makolo. Umenewo ndiye sungachitike make mwana ali ndi tsitsi la maliro kumutu.

Efelo anabwerera ku ntchito. Ankachapa, kusita, kukolopa, zonse mwakale. Kanyumba kakuseri kaja kanangokula. Lachisanu lililonse, tsiku limene adokotala ankadzera ku positi ofesi, iye ankapezeka ali pageti, ati kuthirira maluwa, chikhalirecho wamaluwa alipo.

"Mwaswera bwanji, bwana? Kaya mwana ku Ulaya kuja ali bwanji?"

"Ali bwino, mayi."

"Kodi amamupatsa chiyani?"

"Madzi aja munawaona aja. Muli shuga, mchere pang'ono, ndi zina."

"Shuga ndiye amamukonda. Asamamuchulukitsire, amadwala nayo m'mimba."

Anamva kwa mlonda wina kuti ku Ulaya kumazizira mpaka madzi kusanduka mwala. Anapempha ulusi wotsala kwa mayi Ada n'kuluka kachipewa, kakang'ono koti n'kuveka dzira. Anakapereka ndi manja awiri. "Mayi, mukamatumiza kalata muikemo aka. Aziveka botololo." Mayi Ada analandira, n'kuthokoza, n'kulowa kuchipinda, ndipo anatulukako patapita nthawi maso ali psuu.

Inu mukuseka kachipewako. Sekani, n'koseketsadi. Koma amene anaikapo mwana m'manda akudziwa kuti ukapatsidwa ngakhale ulusi umodzi woti ugwire, sufunsa kuti wamangidwa kuti.

Kumayambiriro kwa Sepitembala a Nasoni anabwera pa njinga. Anavutika kupeza nyumba, poti ku Eriya 43 nyumba zinalibe mayina a anthu koma manambala, ndipo ukafunsa njira amakuyankha ndi agalu. Anakana kulowa. Anakhala pa njerwa kuseri, njinga atatsamiritsa pa mpanda.

"Efelo, anthu akolola. Chimanga cha chimera tanyika. Mwezi ukaoneka tikufuna tiphike mowa wa mwana uja."

"Phikani, achimwene."

"Tiphike iwe uli ndi chitsamba kumutu? Tamvera. Mng'ono wako akumulota. Akuti amabwera n'kuima pakhomo, osalowa. Kwa amoyo wachoka, kwa makolo sanafike. Wamuimika panjira mwana, dzuwa likumuwotcha, ndipo wamuimika ndiwe make."

Mawu amenewo anamulasa Efelo, koma anayankha kuti, "Nanga ndikameta, uko n'kumva kuti amake amutaya ali moyo?"

"Khungu limamva?"

"Nanga limadya bwanji?"

A Nasoni anadzuka. Anangoti, "Chimera sichidikira munthu. Chikamera, chamera." Anakwera njinga yawo, agalu n'kuwaperekeza mpaka kumsewu.

Sabata imeneyo Efelo sanaone tulo tabwino. Akaganiza za mwana ali chiimire pakhomo, mtima unkamuuza kuti meta. Akaganiza za kabotolo kaja, dzanja linkapita lokha kukagwira duku. Lachisanu anafunsanso pageti, ndipo adokotala anati ali bwino, koma anayankha akuyang'ana nsapato zawo. Madzulo ake, akutsuka mbale, anamva bwana ndi dona akukangana m'chipinda chochezera. Zinali m'Chitumbuka, chimene iye sankamva, koma dzina lako ulimva ngakhale m'chinenero cha mbalame. Lake linatchulidwa katatu, la Elube kawiri, ndipo amene ankakweza mawu anali mayi Ada.

M'mawa mwake, akupisa m'matumba a jekete la adokotala kuti alichape, anapeza envulopu ya timizere tofiira ndi tabuluu. Sinali yatsopano. Inali yofewa m'mopinda, ngati chinthu chimene munthu wakhala akutulutsa, kuwerenga, n'kubwezeranso. Efelo sankadziwa kuwerenga, koma ankadziwa kuti kalata yabwino sigona m'thumba. Ya Epulo ija inafika kuseri tsiku lomwelo.

Sanabepo kanthu m'nyumba imeneyo, ngakhale supuni ya shuga. Kalatayo anailowetsa m'bulauzi. Linali Loweruka, choncho anatenga basiketi ya mayi Ada monga mwa masiku onse n'kunyamuka.

Basi inadzera ku Site Senta, kumene nyumba zitalizitali zinkamera pakati pa tchire, anthu ali pamwamba ngati nyerere. Inatsetsereka, kuwoloka mlatho, n'kulowa m'fumbi la tauni yakale. M'basimo munadzaza, ndipo palibe anadzuka. Efelo sanalowe mumsika. Analunjika pakhonde la a Abdallah.

Chimwalirire Elube, Efelo ankazemba khonde limeneli, ankadzera kuseri. A Abdallah atamuona anaimitsa makina, n'kuchotsa nsalu pa benchi kuti akhale. Anapepesa maliro, iye anayankha. Kenako anatulutsa kalata ija.

"Bambo, mundiwerengere. Koma muwerenge zimene zalembedwa. Zonditonthoza ndadya zokwanira."

A Abdallah anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi. Anawerenga chamumtima, milomo ikugwedera, kufika pansi, n'kubwereranso pamwamba. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Mayi, kalatayi ndi ya adokotala."

"Mwana ndi wanga."

A Abdallah anapumira m'mwamba. "Akuti tinthu tija tinaswana bwino poyamba. Tinaswana kasanu n'kanayi. Kenako tinayamba ulesi. Akuti tinatambalala, n'kuoneka totopa, monga timachitira ta munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu. Ta mwana wina aliyense akuti timaswana mpaka ka makumi asanu. Anayesa kusintha chakudya, osathandiza." Anatsitsa chala papepala. "Akuti tinasiya. Tonse."

"Kusiya kudya?"

"Kusiya zonse, mayi."

Pamsewu pankadutsa ngolo, wina ankaitanira malonda a nzimbe, mmwenye ankakalipira wantchito m'sitolo. Efelo anaika manja pa basiketi.

"Ndiye kuti ngakhale kumeneko anakalamba."

"Ndi zimene akunena."

"Ndege yonse ija, shuga yense uja." Anagwedeza mutu. "Liti?"

A Abdallah anayang'ana pamwamba pa pepala. "Yalembedwa pa 20 Julaye."

Efelo anawerenga ndi zala. Anapinda chala chimodzi pa Lachisanu lililonse limene anaima pageti ndi chitini chothirira, ndipo dzanja limodzi silinakwane.

"Anamuika kuti?"

"Sanalembe."

"Taonaninso kuseri."

A Abdallah anatembenuza pepala. Kuseri kunali koyera. "Kwatsala mawu ochepa. Akuthokoza adokotala. Akuti zimene aona n'zofunika kwambiri, azilemba m'buku kuti madokotala ena awerenge. Akutinso ngati kungapezeke mwana wina wotere, awadziwitse."

"Wina," anatero Efelo. "Amve kukoma." Kenako anafunsa, "Pamene ankasiyapo panali munthu?"

Telala uja anayang'ana kalata, anayang'ana mayiyo. Bodza linali pafupi, koma anali atauzidwa kale. Analoza pansi pa pepala. "Apa pasayina munthu mmodzi. Kuti alembe kuti tinthu tija tasiya, ndiye kuti anasuzumira n'kuona. Mmodzi yekhayo analipo."

"Dzina la mwana wanga lili pati? Mundilozere."

Chala cha a Abdallah chinayenda mzere ndi mzere mpaka pansi. "Alemba nambala, mayi."

Apa ndi pamene Efelo analira. Sanakuwe ayi. Misozi inkangotsika ngati chidebe chobooka. A Abdallah anatenga bolopeni imene ankalembera miyezo ya anthu, anatsamiritsa kalata ija pa makina, n'kulemba pamwamba pa nambalayo ndi zilembo zikuluzikulu. "Ili ndi dzina lake. E-lu-be. Mwaliona?" Efelo analikhudza ndi chala. Kenako bamboyo anavundukula mtolo wa nsalu, anasankha yoyera, yatsopano, osati zotsalira zija. Anang'amba chidutswa, anapinda kalata bwinobwino n'kuikulunga, n'kumanga ndi timizere ta nsalu yomweyo kumutu, pakati ndi kumiyendo.

"Akazi anga aakulu sangayende osavala," anatero.

Efelo sanabwerere ku Eriya 43. Tsiku limenelo mabwana kaya anadya buledi, kaya anadya mabuku, basiketi yawo inakwera basi ya kumudzi. Kamtolo koyera kaja sanakaike m'basiketimo. Anakanyamula pamiyendo njira yonse, atakafungatira ndi manja awiri, ndipo mayi wina amene anakhala naye pampando atafunsa kuti n'chiyani, Efelo anangoti, "Ndi mwana." Mayiyo sanafunsenso.

Anafika dzuwa litapendeka. Pabwalo la a Nasoni amayi ankayanika chimera pamphasa. Efelo sanapereke moni. Anakhala pansi kumapeto kwa bwalo, miyendo atatambasula, mutu atazolika, mmene amakhalira munthu wobwera ndi uthenga. Amayi aja anasiya chimera. Wina anathamanga kukaitana a Nasoni kudimba.

Anabwera matope ali m'miyendo, n'kunjuta patsogolo pake.

"Kwagwanji?"

"Mwana uja watisiya, achimwene."

"Mwana uti?"

"Wotsala uja."

A Nasoni anayang'ana kamtolo koyera kali pamiyendo pa mlongo wawo. Efelo anafotokoza zonse, za jekete, za telala, za kuswana kasanu n'kanayi, za nambala. Anati, "Anapita mu Julaye. Ine ndakhala ndikumufunsira moni ali wakufa. Munanena zoona, ndinamuimika panjira. Thupi lake silinabwere, sizikudziwika kumene anamutaya. Chabwera ndi ichi."

A Nasoni anali ndi mawu amene anasunga kuyambira mu Juni, okhwima bwino, ena a adokotala, ena a tambala uja, ena a Efelo yemwe. Anthu onse pabwalopo ankawadikira. Koma bamboyo anavula chipewa n'kuchiika pansi. Anapukuta manja pa malaya, n'kuwatambasula onse awiri. Efelo anawapatsa.

"Kupepuka kwake," anatero a Nasoni. Kenako anatembenukira amayi aja. "Inu mukuyang'ana chiyani? Maliro afika pakhomo. Yalani mphasa m'nyumba."

Analira ngati mmene analirira mu Juni, mwinanso kuposa, poti ulendo uno make mwana analira nawo mpaka mawu kutha.

M'mawa mwake amuna anayi anapita kumanda ndi khasu limodzi. A Nasoni anayeza ndi maso pamene panali mutu ndi pamene panali miyendo, n'kuloza pambali pa mtumbira, cha kumkono wamanzere. Anakumba kadzenje kolekeza m'chigongono, n'kuikamo kamtolo kaja.

Mowa unapsa mwezi utaoneka. Tsiku lometa, abale atakhala pabwalo, palibe amene anamuitana Efelo. Anadzuka yekha, anakagwada pamphasa, n'kumasula duku. Tsitsi la miyezi inayi linali litapotana, lolimba ngati ulusi wa chiguduli. Mayi wometa ananyowetsa ndi madzi a sopo, n'kuyamba changu changu, poti mitu yodikira inali yambiri ndipo amuna anali atayamba kale kuyang'ana kumitsuko.

Efelo anamugwira dzanja.

"Pang'onopang'ono, mayi. Musafulumire. Ameneyu zonse zamuyendera mothamanga."